Mbiri ya moyo wanga: nkhani yokayezetsa ija

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti nkhani yanga yofuna kukayezetsa autism ija inatha bwanji (autism ndi kusiyana kwa kagwiridwe ntchito ka ubongo komwe kumakhudza mmene munthu amalankhulira ndi kuchitira ndi anthu). Siinathe. Poyamba ndithokoze nonse amene munandilembera nditatulutsa gawo lapitalo, makamaka inu mayi amene munati mwana wanunso amatseka makutu anthu akayamba kuimba. Uthenga wanu unandiliza.

Za ntchito yanga yoyamba mukuzidziwa kale, mmene ndinkabisalira kuchimbudzi nthawi yopuma chifukwa cha phokoso la mu ofesi. Zaka zotsatirazo zinangodutsa: banja, ana, kutopa kosatha. Kenako ndinayankha mafunso aja oona zizindikiro za autism otchedwa AQ, amene katswiri Simon Baron-Cohen ndi anzake a ku Cambridge anatulutsa mu 2001. Alipo 50, ndipo ine ndinapeza mapointi okwera. Koma mafunso amenewa sagamula kanthu, amangokuuza kuti kaonane ndi katswiri. Autism sayeza ndi magazi. Katswiriyo amacheza nawe nthawi yaitali, amaona mmene umalankhulira ndi mmene umachitira ndi anthu. Ndiye pali chinthu chimodzi chimene chandiimitsa: zizindikiro ziyenera kukhala zoti zinalipo uli wamng'ono, choncho nthawi zambiri amafuna kumvanso kwa munthu amene anakulera.

Kwa ine munthu ameneyo ndi amayi.

Ndinawapeza akupinda zovala. Ndinati, "Amayi, kodi ndili mwana ndinali wotani?" Sanayankhe msanga. Anamaliza kaye malaya amene anali m'manja, n'kuwasalaza, n'kuwasalazanso. Kenako anati, "Unali wamakani basi. Sunkafuna kukumbatiridwa. Unkasanja zitsekerero za mabotolo tsiku lonse, wina akasuntha chimodzi unkakuwa mpaka mawu kutha." Mtima wanga unagunda, chifukwa zimenezi ndi zomwe katswiri angafune kumva. Nditawafotokozera chifukwa chimene ndinafunsira, nkhope yawo inagwa. Anati, "Ndiye ukufuna dokotala akandiuze kuti ndinalephera kukulera?" Ndinati ayi, koma anali atatembenuka kale. Anapitiriza kupinda, manja akunjenjemera. Ndinaima pomwepo ndikufuna kuwagwira paphewa, koma ine ndi amayi sitinazolowerane choncho, ndipo tsopano ndinali nditamva kuti amene anayamba kukana kugwiridwa ndi ine.

Mantha awo si achabe. Dokotala wina, Leo Kanner, atafotokoza za ana 11 a autism mu 1943, panapita zaka zambiri ngakhale madokotala ena akuloza chala amayi, kuti ndi osowa chikondi. Maganizo amenewo anatayidwa kalekale. Lero zimadziwika kuti autism imayenda kwambiri m'magazi a banja ndipo siibwera chifukwa cha kaleredwe. Koma mayi amene analera mwana wolira usiku wonse, anthu akumunena, sungamuchotsere mantha ndi chiganizo chimodzi.

Kwa inu achemwali amene munandiuza kuti, "Uli pabanja, uli pantchito, ukungofuna chifundo," ndikuyankheni pano. Buku la madokotala la DSM-5 la mu 2013, lomwe linaphatikiza mtundu wa autism wotchedwa Asperger ndi mitundu ina pansi pa dzina limodzi, limanena lokha kuti zizindikiro zikhoza kubisika chifukwa cha njira zimene munthu waphunzira akamakula. Ine ndinaphunzira kuyang'ana pamphumi pa munthu kuti aziona ngati ndikumuyang'ana m'maso. Inu munkaona kumwetulira, simunkaona ndikafika kunyumba ndili chigonere mumdima, osatha kuyankha ngakhale ana anga.

Ndikudziwa kuti pepala la zotsatira za kuyezetsako silibwera ndi mankhwala ochiza. Ndikuopa kuti likalowa m'fayilo yanga, chilichonse chimene ndingadandaule anthu azidzati ndi autism ikulankhula. Ndikuopanso kwambiri kuuzidwa kuti ayi, si zimenezo, chifukwa ndiye ndibwereranso ku dzina lija la wamakani. Komabe ndikufuna kudziwa, ndipo ndikufuna ndizitha kupempha malo abata kuntchito popanda kunama kuti mutu ukundiwawa.

Ndiye ndaganiza zopita, koma amayi sindiwakokerako. Achimwene anga aakulu avomera kukanena zimene akukumbukira, ndipo ndikufufuza malipoti anga akale a kusukulu. Ngati alipo pakati panu amene anayezedwa ali wamkulu popanda kholo, chonde ndilembereni mundiuze ngati umboni wa mchimwene unakwanira.