Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Botolo lopanda makala

Gawo lapitali ndinalekezera pomwe ine ndi amayi tinawotcha zitsononkho mumgolo wotseka, n'kuzisinja mumtondo ndi kuzisefa ndi sefa wa ufa. Ufa wakuda umenewo ndiwo unali polojekiti yanga ya chaka chomaliza ku yunivesite. Ndinkafuna kudziwa ngati makala a zitsononkho angachotse mtovu m'madzi.

Mtovu ndinausankha dala. Dimba la amayi linali m'mbali mwa Mudi, kumunsi, komwe mtsinjewo wadutsa kale mafakitale a ku Makata ndi m'tauni ya Blantyre. Mpiru wothiriridwa ndi madzi amenewo ndiwo unkandilipirira fizi. Bungwe la WHO limati mtovu usapitirire mamiligiramu 0.01 pa lita imodzi ya madzi akumwa, chifukwa umawononga ubongo wa mwana, ndipo ngakhale madziwo muwawiritse suchoka.

Mulabu ndinkasungunula lead nitrate, mankhwala okhala ndi mtovu, m'madzi oyera, n'kugawa m'mabotolo. Lililonse ndinkalipatsa pH yakeyake (muyeso wa asidi m'madzi: nambala ikachepa ndiye kuti asidi wachuluka), kuyambira 2 mpaka 8, pothira timadontho ta asidi kapena ta soda wochepetsa asidi. Kenako makala, kugwedeza pamakina maola awiri, kusefa, n'kupita nawo ku makina a AAS oyezera mtovu wotsala.

Pa pH 2 makala sankagwira kanthu kwenikweni. Pamakala pali timalo towerengeka tomwe mtovu umamatirira. Madzi akachuluka asidi, timaayoni ta hydrogen timadzaza timaloto ngati anthu olimbirana mipando mu minibasi ya ku Limbe madzulo, ndipo mtovu umatsala pasiteji. Asidi akamachepa, cha pa pH 4 ndi 5, mipando imapezeka ndipo mtovu umakwera. Manambala anga ankasonyeza zomwezo.

Koma chimene chinandidumphitsa mtima ndi botolo la pH 8. Mtovu unali utatheratu. Usiku womwewo ndinaimbira amayi kuti zitsononkho zawo zagwira ntchito.

Adokotala a ku yunivesite amene ankayang'anira polojekiti yanga anayang'ana pepala la zotsatirazo nthawi yaitali.

"Nanga botolo lopanda makala lili kuti?"

"Lopanda makala, adokotala?"

"Eya. Madzi omwewo, mtovu womwewo, pH 8, koma musathiremo makala. Mubwere nalo mawa."

Nditangodontheza soda, madzi anachita mbuu ngati muli tiufa toyera. Nditasefa n'kuyeza, mtovu wambiri unali utachoka popanda makala ndi pang'ono pomwe. pH ikapitirira cha pa 6, mtovu umayamba kugwirana wokha ndi hydroxide, amene amachuluka m'madzi asidi akachepa, n'kusanduka nsenga zimene zimatsalira papepala losefera. Ndinakhala pampando wa mulabu mpaka dzuwa kulowa, ndikuganiza za foni ija ndinaimbira amayi.

Bambo wina wachikulire wosamalira labu ndiye anandiululira china. Anati, "Achimwene, pH muziyezanso mukamaliza kugwedeza. Makala anuwa ali ndi phulusa." Zinalidi choncho. Phulusa linkakweza pH mwakachetechete, moti botolo lolembedwa 5 linkathera pafupi ndi 7. Ndinatsuka makala onse kambirimbiri ndi kuyambiranso. Masabata atatu anapita pamenepo, koma manambala amene ndinapeza pa pH 5 anali a makala enieni.

Mnzanga wa benchi yoyandikana ankalimbana ndi chitsulo china chotchedwa chromium, mtundu wa Cr(VI), ndipo zake zinali zotembenuza. Chromium wotereyu amayenda m'madzi ali ndi mphamvu ya negative, ndipo timaayoni ta hydrogen todzaza pamakala tija, tomwe ndi ta positive, timamukoka; choncho amagwidwa bwino pa pH 2, pomwe mtovu wanga unkakana. Makala amodzimodzi, madzi n'kusiyana, zotsatira n'kusiyananso.

Pomaliza ndinatunga madzi a Mudi enieni m'chigubu, ndipo mpaka lero ndimaona kuti mpomwe ndikanayambira. Makala anagwira mtovu wocheperapo kuposa m'madzi a mulabu. Mumtsinje muli calcium ndi magnesium, amenenso amafuna mipando yomwe ija, komanso zonyansa zowola zimene zimakumbatira mtovu kuti usafike pamakala.

Patchuthi ndinawafotokozera amayi zonsezi tili kudimba. Anamvetsera akupatulira mbande za mpiru, kenako anaweramuka.

"Nanga makalawo akakhuta mtovu, tiziwataya kuti? Ine phulusa ndimathira m'mabedimu."

Ndinakumbukira botolo la pH 2. Asidi yemwe amaletsa mtovu kumata amaumasulanso pamakala amene augwira kale, ndipo dothi lokhala ndi asidi likhoza kuubwezera kumizu ya ndiwo pang'onopang'ono. M'lipoti langa la masamba 60 munalibe mzere ndi umodzi womwe wonena za funso limenelo. Ndinawapempha kuti makala amene ndinawasiyira oyesera aja asawataye, ndipo Lolemba ndinakwera nawo basi ali m'chitini chotseka bwino.