Loweruka: Faramir, kachewere ndi mitengo ya ku Shire

Tsiku lonse lero latha tili pamkeka ndi mwana wa mchemwali wanga, maso ali pa laputopu. Mtsikanayu ali fomu 3, kwawo ndi ku Dedza, ndipo wabwera kuno ku Blantyre kudzakhala nafe patchuthi. Atangofika anatulukira buku langa lakale la The Lord of the Rings, lolembedwa ndi J.R.R. Tolkien, lija ndinagula kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe, chikuto chake chogwirira selotepi. Ndi nkhani ya Frodo ndi mnzake Sam, ma hobbit (tianthu tatifupi) a kudera la Shire, amene anyamula mphete yamphamvu zoipa kuti akaiwononge. Masamba ake ndi oposa 1,000 ndipo Chingerezi chake n'chachikale, koma mwanayu analiguguda m'masabata atatu, ena mwa masambawo akuwerenga ndi tochi ya foni. Ndinamulonjeza kuti akalimaliza tionera mafilimu ake atatu aja a Peter Jackson. Yoyamba tinaonera dzulo usiku. Lero inali nthawi ya yachiwiri ndi yachitatu.

Dzulo sanadandaule kwenikweni. Anangofunsa kuti Tom Bombadil wapita kuti, bambo woimbaimba wa m'nkhalango uja amene mphete ilibe mphamvu pa iye, komanso chifukwa chiyani Arwen ndiye akuthawitsa Frodo pahatchi pamene m'buku amene anawathandiza kumeneko ndi Glorfindel. Ndinamuuza kuti mafunso amenewa ndi aakulu kuposa iye. Filimu yoyambayo inatuluka mu 2001, iye asanabadwe, ndipo okonda bukuli anayamba kukangana za Bombadil filimuyo isanafike n'komwe m'nyumba zoonetsera kanema.

M'mawa uno, titamwa tiyi ndi mbatata, tinayatsa The Two Towers cha m'ma 9 koloko. Pamene Gollum, amene akulondolera Frodo ndi Sam njira, anabwera ndi akalulu awiri, Sam n'kuyamba kuphika uku akulakalaka mbatata ya kachewere, mwanayu anaseka mpaka kugwetsa misozi. Kenako anandiuza chinthu chimene chakhala m'mutu mwanga tsiku lonse. Akuti powerenga, Shire ankaiona ngati kwawo m'mwezi wa June, nkhungu itakuta mapiri, madimba a kachewere ali biriwiri m'munsimu. Sam ankamuona ngati bambo wina woyandikana nawo amene amalima kachewere, thalauza atapinda mpaka m'mawondo. "Inetu amalume, Sam ndinkamuona wakuda," anatero, osati modandaula, ankangondifotokozera. Ine ndinayesa kukumbukira Sam amene ndinkamuona ndisanaonere mafilimuwa, ndipo ndinapeza kuti nkhope yake inafufutika kalekale. Ndikangomva dzinalo, amene amabwera ndi Sean Astin basi, amene anasewera Sam m'filimu.

Moto unabuka pa Faramir, mtsogoleri wa asilikali a dziko la Gondor. M'filimu, Faramir atazindikira zimene Frodo wanyamula, amalamula kuti mphete ipite ku Gondor, n'kuwatenga awiriwo ngati akaidi mpaka ku Osgiliath. Mwanayu anadzambatuka. "Ayi amalume, taimitsani kaye. Faramir sangachite zimenezi." Anathamangira kuchipinda, kubwera ndi buku, kuphethira chala malovu n'kuyamba kusanthula masamba mpaka anapeza pamene ankafuna. Pamenepo Faramir amauza Frodo kuti chinthu chimenecho sangachitole ngakhale atachipeza chitagwa m'mbali mwa msewu, ndipo atadziwa kuti ndi mphete ija, mawu akewo amawasunga. Amawapatsa kamba wa paulendo n'kuwasiya apite.

Ndinamufotokozera zimene olemba filimuyi, Jackson, Fran Walsh ndi Philippa Boyens, ananena podziteteza. Iwo ankaona kuti akhala maola ambiri akuonetsa anthu kuti mpheteyi imawononga aliyense woiyandikira, ndiye kukabwera munthu wongoikana mosavutikira, oonera aleka kuiopa. Chinanso n'chakuti kangaude wamkulu uja, Shelob, anamusamutsira ku filimu yachitatu, choncho Frodo ndi Sam akanatsala opanda chopinga chilichonse kumapeto kwa yachiwiri. Mwanayu anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa kuti, "Ndiye akutanthauza kuti palibiretu munthu amene angakane?"

Ndinasowa chomuyankha, chifukwa nanenso mbali imeneyi yakhala ikundiwawa kwa zaka zambiri. Zifukwa za olemba filimuwa n'zomveka, ndipo David Wenham anasewera bwino mbali ya Faramir imene anapatsidwa. Koma m'buku, Faramir alipo kuti tione kuti abale a mimba imodzi angathe kukumana ndi yesero lomwelo, mkulu n'kugwa, mng'ono n'kuima. Mkulu wake Boromir anagwa, Faramir anaima, ndipo anaima chifukwa anadziwiratu kale chimene sangachite tsikulo lisanafike. Tolkien mwiniwake analemba m'kalata ina kuti ngati pali munthu wa m'bukuli wofanana naye, ndi Faramir. Mlembiyu anamenya nawo nkhondo ya ku Somme, ku France, mu 1916, ndipo anzake awiri apamtima a kusukulu anafera komweko chaka chomwecho. Munthu wotero akalemba za msilikali wodziwa kumenya nkhondo koma wosaikonda, ine ndimaona kuti sanalembe mongodzaza tsamba.

Filimuyo itangotha, magetsi anazima. Batire ya laputopu yanga sikhalitsa, choncho tinaitseka n'kukoleza mbaula. Ine ndinkasenda kachewere amene mayi ake anatumiza, iye atakhala pakhonde ndi foni yanga akufufuza ngati pali ena amene Faramir anawapweteka mtima ngati iye. Anawapeza ambirimbiri, ena analemba madandaulo awo mu 2002, ndipo ankandiwerengera mokweza uku akugwedeza mutu. Ena ankakwiya kuti gulu lankhondo la ma Elf (mtundu wa anthu osakalamba a m'nkhaniyi) linafika ku nkhondo ya ku Helm's Deep, zimene m'buku mulibe. Ena ankati Gimli anamusandutsa munthu wongoseketsa anthu. Panalinso ena amene ankawayankha kuti akanapanda mafilimuwa, iwo sakanaligwira n'komwe bukulo.

Madzi a nsima ali pamoto, ndinamuuza kuti woyamba kudandaula anali mwini buku. Bukuli linatuluka m'magawo atatu mu 1954 ndi 1955, ndipo pofika 1958 anthu ena a ku America anali atamutumizira kale Tolkien ndondomeko ya filimu imene ankafuna kupanga. Iye anaiwerenga n'kulemba kalata yaitali yoitsutsa ndime ndi ndime, ndipo filimuyo sinapangidwe. Mu 1969 anagulitsa ufulu wopanga filimu ku kampani ya United Artists, n'kumwalira mu 1973 asanaone chilichonse pakanema. Filimu ya zojambula ya Ralph Bakshi ya mu 1978 inathera panjira, nkhani isanafike kumapeto. Ndiye kunabwera za Jackson, zitatu zonse zojambulidwa nthawi imodzi ku New Zealand, ndipo yachitatuyo inatenga mphoto za Oscar 11. Ngakhale zinali choncho, Christopher Tolkien, mwana wa mlembiyu amene anathera moyo wake akusonkhanitsa ndi kusindikiza zolemba za bambo ake, anauza nyuzipepala ya Le Monde mu 2012 kuti bukulo analichotsa zam'kati n'kulisandutsa filimu yankhondo ya achinyamata. Ngakhale Christopher Lee, amene anasewera Saruman, mfiti yoipa ya m'nkhaniyi, yemwenso ankawerenga bukuli chaka ndi chaka ndipo anakumanapo ndi Tolkien maso ndi maso, anakhumudwa atapeza kuti gawo lake lonse alidula m'filimu yachitatu imene inaonetsedwa poyamba.

Tikudya, mwanayu anagwera pa mkangano wina, wa 2022, pamene kampani ya Amazon inatulutsa The Rings of Power, sewero la pakanema lochokera pa zolemba za Tolkien. Nkhope yake inasintha, nsima n'kuisiya m'manja. Anapeza zimene anthu ena ankalemba zokhudza Ismael Cruz Córdova, amene anasewera Elf, Sophia Nomvete, amene anasewera mkazi wa kalonga wa ma Dwarf, ndi Lenny Henry, amene anasewera mkulu wa ma Harfoot, mtundu wina wa ma hobbit. Mlandu wawo unali khungu. Zinafika poti Amazon inkayamba yasunga ndemanga za oonera kwa maola 72 isanazitulutse, ndipo Elijah Wood ndi anzake amene anasewera ma hobbit m'mafilimu akale anajambulitsa atavala zovala zolembedwa uthenga wolandira aliyense.

Ine sewero la Amazon lija ndili nalo ndi madandaulo anga. Anapanikiza zochitika za zaka masauzande kuti zikwane m'moyo wa munthu mmodzi, ndipo popeza analibe ufulu wogwiritsa ntchito buku lina la Tolkien la The Silmarillion, zambiri anachita kupeka okha. Amene amadandaula zimenezo ndimawamvetsa, ndi abale ake a mwana uja amene m'mawa anathamangira buku. Koma wotukwana munthu chifukwa cha khungu lake sakuteteza buku ayi. Mwanayu anasamba m'manja, kutsegula mawu oyamba a bukulo, n'kundionetsa pamene Tolkien amafotokoza mitundu itatu ya ma hobbit, ndipo za ma Harfoot amati khungu lawo linali loderapo kuposa la enawo. Sanawonjezere mawu. Ndinamuuza kuti mlembiyu anabadwira ku Bloemfontein, ku South Africa, mu 1892, ngakhale anachokako ali ndi zaka zitatu. Anadabwa, koma ndinaona kuti maganizo ake anali akadali pa Sam wake wa ku Dedza uja, amene anthu ena akanamuuza kuti alibe malo m'nkhaniyi.

Magetsi anabwera cha m'ma 4 koloko ndipo tinayatsa The Return of the King. Pamene Gollum anataya mkate n'kunamizira Sam, Frodo n'kuuza Sam kuti abwerere kwawo, mwanayu sanadzuke ngati m'mawa muja. Anangonena chapansipansi kuti, "Izinso mulibe," n'kukumbatira mawondo. Koma pamene miuni inayamba kuyaka paphiri ndi phiri kuitana thandizo la dziko la Rohan, ndiponso pamene okwera pamahatchi aja anatulukira m'bandakucha, ndinamuona akupukuta m'maso. Nanenso malo amenewa amandigwira nthawi zonse. Pali zinthu zimene Jackson anachita zoti tsamba silingathe, ndipo nyimbo za Howard Shore zimakweza munthu tsitsi. Amene amati mafilimuwa ndi achabechabe sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono.

Ma hobbit anayi, Frodo, Sam ndi anzawo awiri, atabwerera kwawo n'kupeza Shire ili bwinobwino, udzu uli wobiriwira, anthu akumwa mowa ngati palibe chachitika, mwanayu ananditembenukira. Anadikira mpaka mayina anayamba kuyenda pagalasi. "Yatha? Nanga Saruman? Nanga mitengo ija?"

Apa ndi pamene ine ndimaima pamodzi ndi odandaula onse. M'buku, anayiwo amafika kwawo n'kupeza pamlatho pali chipata chokhoma ndi malamulo atapachikidwa pakhoma. Mitengo ya m'mbali mwa msewu yadulidwa. Chigayo chakale chagwetsedwa, m'malo mwake mwamangidwa chachikulu cha njerwa chimene chikufuka utsi ndi kuthira zonyansa mumtsinje. Mtengo waukulu uja umene Bilbo, amene analera Frodo, anatsanzikira anthu pansi pake wagona pansi, ndipo Sam atauona amalira. Wachita zonsezi ndi Saruman, mothandizidwa ndi ma hobbit ena adyera a komweko. Palibe ngwazi ngati Gandalf kapena Aragorn yoti iwapulumutse, amadzutsa anzawo okha n'kuchotsa achifwambawo. Kenako Sam amatenga kabokosi ka dothi kamene Galadriel, mayi wolemekezeka wa ma Elf, anamupatsa, n'kuyenda dera lonse akudzala mitengo, paliponse akuikapo kadothi pang'ono. Tolkien ananena kuti mutu umenewu unachokerako ku zimene anaona ali mwana, dera la kumudzi la pafupi ndi Birmingham kumene anakulira likuwonongeka iye akuona.

Jackson anauchotsa mutuwu chifukwa filimu inali itatalika kale kuposa maola atatu, ndipo mphete itawonongedwa n'kovuta kuyambitsanso nkhondo ina. Ndikumvetsa. Koma ine ndinakulira pansi pa phiri limene linali ndi nkhalango yoti masana mumachita mdima, ndipo nditabwererako patapita zaka ndinapeza zitsa zokhazokha ndi maenje a makala. Amene anadula sanali alendo. Tsiku limenelo ndinaima pamene panali mtengo wa masuku umene tinkatola tili ana, ndipo chimene chinandibwerera m'mutu ndi Sam ataima pa mtengo wogwa uja. Filimu imati ukapita kukamenya nkhondo kutali, kwanu kudzakudikira momwe unakusiyira. Buku linakana zimenezo, ndipo kwa ine mutu umenewu ndi umene umapangitsa nkhani yonseyi kukhala yoona.

Mwanayu anandimvetsera, kenako anati kuseri kwa sukulu yawo nakonso kunali mitengo pamene ankayamba sitandade 1. Ndinamufunsa ngati tsopano Sam akumuona ngati wa m'filimu. Anaganiza kanthawi n'kuyankha kuti pakadali pano akuwaona onse awiri, koma akufuna awerengenso mitu yomalizayo msanga, wa ku Dedza uja asanathawe.

Pano ndi 10 koloko usiku, magetsi azimanso. Kuchipinda kwake kukuoneka kuwala kwa tochi ya foni, ndipo ndikumva masamba akutembenuzidwa. Wandipempha kuti Lachiwiri akamabwerera kwawo atenge bukulo, akuti pali mnzake wa m'kalasi amene akufuna kumubwereka asanaonere filimu iliyonse. Ndamuuza kuti atenge, koma mawa tiyambe tagula selotepi ina timatenso chikutocho.