Wapolisi, buku la OB ndi kompyuta

Pa kauntala ya polisi m'dziko muno pamakhala buku lalikulu la OB, momwe amalembamo nthawi imene wodandaula wafika, dzina lake ndi dandaulo lake. Wapolisi amene akulemba m'bukumo ali ndi foni m'thumba, yomwe amachezera pa WhatsApp ndi kutumizira ndalama kumudzi pa Airtel Money kapena Mpamba. N'chifukwa chake sindivomereza zoti apolisi athu amazemba kompyuta kaamba ka umbuli. Chimene chikusowa ndi chikhulupiriro pa chipangizocho.

Wofufuza milandu amadziwa kuti doketi, fayilo ya mapepala a mlandu, ikasowa kapena ikachedwa kufika kukhoti, wofunsidwa ndi iyeyo. Pepala limawerengekabe magetsi akathima, silidikira netiweki, ndipo siginecha yake imaonekera poyera. Kompyuta ikakhala imodzi pasiteshoni yonse, yotsekeredwa mu ofesi ya bwana, yopanda woikonza ikawonongeka, munthu wanzeru sangaikepo mtima. Zimafika poipa akamauzidwa kulemba nkhani m'buku kenaka n'kuilembanso pa kompyuta, pakuti ntchito yachuluka kawiri pamene anthu akudikirabe pabenchi. Katswiri wina wa ku America, Fred Davis, anafotokoza mu 1989 kuti munthu amalandira luso latsopano akaona kuti likumuthandiza pantchito ndiponso kuti n'losavuta kugwiritsa ntchito, ndipo wapolisi sasiyana ndi wina aliyense pamenepa.

Tisabise, alipo ena amene amadana ndi makina chifukwa amasunga mbiri ya amene analemba, nthawi yake ndi ndalama imene inalipidwa, mwakuti chindapusa cha pamsewu sichingasochere m'thumba mosavuta. Amenewa si ofunika maphunziro ayi, ndi ofunika chilango.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti akuba anasamukira kale pafoni. Mayi wogulitsa tomato akalandira uthenga wabodza wakuti wina wamutumizira ndalama molakwitsa ndipo abweze, umboni wonse uli m'foni mwake komanso ku kampani ya mafoni. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security lilipo kuyambira 2016, ndipo manambala a foni amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Komabe zonsezi sizimuthandiza mayiyo ngati wapolisi wa pakauntala sadziwa kusunga uthengawo ndi kutsata njira yovomerezeka yofunsira umboni kukampaniko. Maphunziro amenewa ayambire kusukulu za polisi ku Limbe ndi ku Mtakataka, ndipo afikenso kwa akuluakulu amene amasainira madoketi, chifukwa wapolisi wamng'ono sangadalire zolemba za pa kompyuta ngati bwana wake akufunsabe za m'buku zokha.