Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Nkhuku za ku Mtendere ndi Dzuwa la October

Mwandiumiriza mokwanira, ndabwera. Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija, makamaka mayi a ku Chipata amene anafunsa za mwendo wa azakhali. Anachira, tsopano amafika okha kumsika. Amene mukufunsabe za chibwenzi chija, pepani, nkhaniyo sidzabweranso pano.

Tinalekezera pomwe atsibweni anandiuza kuti ndalama za chaka chomaliza kukoleji ndizione ndekha. Tchuthi chachitali cha 2024 chitafika, anzanga anakwera mabasi pa Intercity kupita kwawo, ine ndinanyamula chikwama kupita kwa azakhali ku Mtendere. Kuseri kwa nyumba yawo kuli khola lakale la malata. Tinapangana kuti tiwete nkhuku, iwo aikepo ndalama za chilimba, ine ndiikepo manja ndi zimene ndaphunzira m'kalasi ya zoweta, phindu tigawane pakati.

Tsiku logula anapiye tinalipeza powerengera chobwerera m'mbuyo. Pa 24 October dziko linali kukwanitsa zaka 60 lili pa ufulu, ndipo masiku amenewo ali pafupi ndi malipiro a kumapeto kwa mwezi. Broiler, nkhuku yowetera nyama, imakhwima pa masabata 6, choncho anapiye 200 analowa pa 12 September. Ambiri amagula anapiye tsiku limene ndalama zapezeka, kenaka nkhuku zimakhwima pakati pa mwezi, anthu m'thumba muli gwa, iwo n'kumadyetsabe thumba lina pamwamba pa lina.

Khola tinalitsuka, kuthira mankhwala, n'kulisiya masabata awiri. Pansi tinayala zopala za matabwa zochokera ku Buseko, kukhuthala masentimita 5 mpaka 8. Musalole kukupatsani utuchi wosalala uja, anapiye amautola ngati chakudya ndipo fumbi lake limawatsamwitsa. Mpanda wa anapiye tinaupanga ndi makatoni, wozungulira, chifukwa pomwe pali ngodya amaunjikana n'kupondana. Masiku oyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 kapena 33, poyezera pansi pomwe iwo ali, ndiye mumatsitsa pafupifupi madigiri 3 sabata iliyonse. Ngati mulibe choyezera, anapiyewo akuuzani: akaunjikana pafupi ndi moto ndiye kwazizira, akathawira kumphepete ali kukamwa yasa ndiye kwatentha, akabalalika akudya ndiye zili bwino.

Chaka chimenecho mukuchikumbukira. Mvula inakana, pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilala ndi ngozi ya dziko lonse, madzi ku damu la magetsi la Kariba anatsika, ndipo pofika September malaiti anali kubwera maola owerengeka, kawirikawiri pakati pa usiku. Mababu otenthetsera anakhala chokongoletsa chabe. Tinadalira mbaula, malasha nawo atakwera mtengo poti Lusaka yense anali kuphikira pomwepo. Mbaula mumayatsira panja mpaka utsi utatha ndipo malasha afiira, kenaka mumaikhazika pa njerwa, kuitchinga ndi waya, n'kusiya mpata kumwamba kwa makatani. Mukatseka ponseponse, mpweya wa malasha umapha anapiye mwakachetechete, ngakhalenso munthu wogona momwemo. Litapita tsiku limodzi ndinali kugwira chithokomiro cha anapiye angapo: chikakhala chodzaza ndi chofewa, adya ndipo amwa.

Katemera ndiye anativuta. Wa chitopa ndi wa Gumboro, matenda ena a anapiye, amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndipo firiji yopanda malaiti imamupha inu osadziwa. Tinali kugula m'mawa wa tsiku lomwelo, m'fulasiki ya madzi oundana. Nkhuku mumazimana madzi ola limodzi kapena awiri kuti zimve ludzu, ndipo zimalize katemerayo pasanathe maola awiri. Madzi a pampopi ali ndi chlorine, amene amapha katemera. Agone usiku m'chidebe chosavundikira, kapena muthiremo magalamu 2 a mkaka waufa wopanda mafuta pa lita imodzi. Masiku a katemera tsatirani pepala la kumene mwagula anapiye. Za chakudya, nkhuku 100 zimamaliza matumba 8 kapena 9 a makilogalamu 50, kuyambira starter, grower mpaka finisher, ndipo pa makwacha atatu alionse amene mumaika mu bizinesiyi, awiri amathera pamenepo.

Mpaka sabata yachinayi tinali titataya anapiye asanu okha. Azakhali anali atayamba kale kuuza anzawo a kutchalitchi kuti asungire ndalama.

Sabata yachisanu nkhuku zinali kuyandikira makilogalamu awiri. Pa msinkhu umenewo nkhuku 200 zimamwa malita 60 patsiku kunja kuli bwino, kukatentha zimapitirira 80. Pampopi pathu panali patauma. Tinali kugula madzi kwa aneba a borehole, koma pampu yawo nayo imadikira malaiti, ndipo usiku umenewo malaiti sanabwere. M'mawa dramu inali ndi madzi ofika m'bondo. Ndinadzaza zomwera, ndinathira chakudya monga mwa masiku onse, ndinatenga wilibala ndi zigubu zinayi kukasaka madzi cha ku Kalikiliki. Mzere unali wautali, wa amayi ndi ana, aliyense ndi vuto lake. Ndinabwerera cha m'ma 14 koloko, dzuwa likuswa mtengo.

Ndinapeza azakhali atakhala pansi pakhomo la khola, chitenje chili m'manja, akupepesera mphepo mkati. Sanandiyang'ane. M'kholamo munalibe phokoso lija la nkhuku zolimbirana chakudya, munali kumveka kupuma kokhakokha. Zonse zinali kukamwa yasa, mapiko atatambasulidwa, makosi akugunda. Zomwera zinali gwa, zotentha ukazigwira. M'mbali mwa khoma, kumene zinathawira kufuna pozizira, zina zinali zitagona chagada, miyendo m'mwamba. Ndinayamba kuzinyamula imodziimodzi. Zinali zolemera, zamafuta, zija zimene ndinali nditaziika kale chizindikiro kuti ndi za mayi wa lesitilanti. Ina inafera m'manja mwanga ndikuiviika miyendo m'beseni. Ndinaziyala pansi pa mtengo wa mango n'kuwerenga, ndinabwerezanso poganiza kuti ndalakwitsa. Zinali 37.

Azakhali anangoti, "Mwana wanga, ndalama zija ndi za eni ake a chilimba." Ndinati, "Ndamva, Azakhali." Sindinapeze mawu ena. Madzulo anabwera bambo wina kudzapempha kuti timugulitse zakufazo motchipa akaotche pa bala. Azakhali anamubweza. Tinakumba dzenje kuseri kwa chimbudzi, nthaka ya October yolimba ngati simenti, ndipo tinamaliza kukwirira kutada. Usiku umenewo nsima inabwerera kukhitchini momwe inabwerera.

Pali awiri ofunika kuyankhidwa. Woyamba ndi neba amene anafalitsa kuti nkhukuzo zinalodzedwa chifukwa azakhali anakangana ndi wina pa nkhani ya malire. Wachiwiri ndi atsibweni, amene atamva anatumiza uthenga wakuti, "Ndiye zimene ukuphunzira kukoleji n'zimenezi?" Inde, Atsibweni, n'zimenezi. Nkhuku ilibe thukuta, imadziziziritsa ndi kupuma. Thupi lake limakhala pa madigiri 41, ndipo kunja kukapitirira 30 imayamba kuvutika. Kugaya chakudya kumawonjezera moto m'thupi, n'chifukwa chake zonenepa ndi zodya kwambiri ndizo zimayamba kugwa. Ikani pamodzi denga la malata lotsika, mimba yodzaza ndi zomwera zouma, simufunanso mfiti.

Zotsalazo tinazipulumutsa motere. Chakudya tinali kuchotsa 9 koloko m'mawa n'kubwezera 16 koloko, kuti zidye kozizira ndi usiku pa nyali ya sola. Pa denga tinayala udzu ndi masaka onyowa. Makatani onse tinachotsa, ndipo tinagwetsa njerwa za mzere wapamwamba mbali ziwiri kuti mphepo idutse. Tinabwereka dramu yachiwiri, yokhala pamthunzi, ndi lamulo lakuti isatsike kupitirira theka. M'madzi tinali kuthira ma electrolyte, michere yobwezera imene thupi lataya, ndi vitamin C. Nyengo yotentha musapitirire nkhuku 8 pa sikweya mita imodzi. Sitinatayenso ina.

Kugulitsa kunayenda msanga. Zambiri zinapita kwa amayi ogulitsa ku Soweto Market, amene amatsitsa mtengo koma amalipira pompo. Za nkhongole zinali zochepa, ndipo mwa izo muli zitatu zimene mpaka lero sizinalipidwe. Mwini wake amawerenga tsamba lino, moni kwa inu. Chilimba chinabwezedwa chonse. Gawo langa linakwana theka la ndalama za teremu yoyamba, theka linalo ndinapempha kulipira pang'onopang'ono.

Kukoleji ndinabwerera ndi manja okhakhala ndi fungo limene mnzanga wa m'chipinda anati silinachoke sabata yonse. Boarding house yathu yakale inali itakwera mtengo, tinasamukira ina ya ku Kalingalinga, anayi m'chipinda chimodzi, mbaula pakhonde, kuwerenga ndi tochi ya foni. Miyezi imeneyo ndilibe zambiri zonena. Chimene chinasintha n'chakuti phunziro la kasakanizidwe ka zakudya za ziweto, limene kale ndinali kukhala kumbuyo, ndinayamba kukhala kutsogolo.

Ena mwafunsa ngati ndikamaliza ndidzafuna ntchito m'boma. Ikapezeka sindidzaikana, koma mtima uli kwathu ku Katete. Soya ndi chimanga zimalimidwa kumeneko, zimakwera malole makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road kubwera ku Lusaka, kenaka zimawolokanso Luangwa kubwerera zili m'matumba a chakudya cha nkhuku, mtengo utakwera. Ndikufuna kachigayo kosakaniza chakudyacho komweko. Si nkhani yongogaya. Chimanga chili ndi protein pafupifupi 8 peresenti, soya wofinyidwa mafuta amapitirira 40, pamene mwanapiye amafuna 22 ndipo nkhuku yomaliza 18 kapena 19. Soya wosaphika sadyetsa, ali ndi zinthu zolepheretsa kugaya. Ayenera kukazingidwa, koma akapserera protein imawonongeka. Pamafunikanso premix (ufa wa mavitamini ndi michere), mchere, laimu ndi sikelo yoona. Chimanga cha chuku ndiye mdani wamkulu: mukukumbukira agalu amene anafa mu 2024 chifukwa cha aflatoxin, poizoni wa chukucho. Projekiti yanga ya chaka chomaliza ndi yoyerekeza kakulidwe ka nkhuku zodya soya wokazinga pakhomo ndi zodya chakudya cha m'sitolo, ndipo aphunzitsi avomera kale mutuwo.

Azakhali sanagwe mphwayi. Anapiye a Khirisimasi analowa pakati pa November, 150 okha, thanki ya madzi itakhazikidwa kale pa njerwa. Za mmene anandithamangitsira ku Soweto ndi nkhuku m'manja, ndi za kalata imene atsibweni analemba pambuyo pake, zidikire gawo 10.