Groundhog imagona njala, mocó imakwera mtengo

Teremu ino mu kosi ya zinyama tafika pa gulu la makoswe, mbewa ndi agologolo, zija mano akutsogolo amangokula moyo wonse ndiye zimayenera kumangotafuna zinthu kuti manowo aziperepeseka. Asayimenti yake ndasankha ziwiri, groundhog ya ku America ndi Canada, ndi rock cavy ya ku Brazil imene eni ake amati mocó. Zonsezi pachaka zimakumana ndi miyezi ya njala, koma zochita zake nzosiyana kutalitali.

Groundhog ndi m'bale wa gologolo kungoti iyo imakhala ku una. Nyengo yotentha imangodya, udzu, masamba, ndiwo za m'madimba a anthu (alimi kumeneko sayifuna nkomwe), ikanenepa bwinobwino cha mu Okutobala imalowa pansi nkugona mpaka February kapena Malichi. Ndiye tulo take si tamasewera ayi, mtima umene umagunda ka 80 pa mphindi umatsika kufika ka 5, thupi nkuzizira kuchoka pa madigiri 37 kufika cha m'ma 5, ikungodya mafuta ake omwe, podzuka imakhala itataya kotala ya kulemera kwake kapena kuposa. Una wake uli ndi makomo angapo, chipinda chogona, komanso chimbudzi chapadera, eti.

Kutchuka kwake nchifukwa cha mwambo wa pa 2 February m'tauni ya Punxsutawney ku Pennsylvania, America, womwe unayamba mu 1887, amatulutsa groundhog ina amaitcha Phil akuti ikaona chithunzithunzi chake kuzizira kupitirira masabata ena 6. Za mwambo basi. Zenizeni nzoti zamphongo zimayamba kudzuka msanga kukazonda mauna a zazikazi.

Koma ine yandigwira mtima ndi mocó. Imakhala m'miyala ku Caatinga, kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, dera la minga komanso chilala, ndipo iyo zogona miyezi ilibe. Kanyama kosapitirira kilogalamu imodzi, kopanda mchira, zikhadabo zobuntha, koma pansi pakauma kamakwera mtengo kukadya masamba ndi makungwa, chimakathandiza ndi khungu lofewa la kuphazi lomwe limagwira mwala osaterereka. Yamphongo imalondera mulu wake wa miyala ndi zazikazi zingapo, ana amabadwa mmodzi kapena awiri patatha masiku pafupifupi 75, ali kale ndi ubweya maso ali gwa, pomwe a groundhog amabadwa osaona opanda ubweya.

Ukaiona pachithunzi ungalumbire kuti ndi mbira za m'mapiri zija zimawothera dzuwa pamiyala ku Mulanje. Si zachibale olo pang'ono, za kwathuzi sizili m'gulu la makoswe, ubale wake uli kwa njovu, kufananako kwabwera chifukwa cha moyo wa m'miyala basi. Abale a mocó ndi mbira zoweta zija ana amasunga kukhitchini, ndipo wapafupi kwambiri ndi capybara, chimkhoswe chofika makilogalamu 50. Makolo a mocó ndi abale akewa anachokera ku Africa kuno zaka pafupifupi 40 miliyoni zapitazo, asayansi ambiri amati anawoloka nyanja ya Atlantic atakwera pa zitsa ndi zomera zoyandama, ndiye ntchenzi ndi nungu zathu ndi asuweni ake a patali. Gawo limeneli lokha landidyera peji yathunthu, a lekichara anati tisapitirire mapeji atatu, ndiye za Phil ndizichotsa.