Chipinda chathu cha chess chatsegulidwa ku Kabwata

Loweruka lapitali tinatsegula chipinda chathuchathu chophunzitsiramo chess ku Kabwata, mu Lusaka. Muli matebulo, mabolodi a chess, makompyuta, ndipo padenga pali sola. Inu amene munationa tikuphunzitsira ana pakhonde la nyumba ya lendi mukudziwa kumene tachokera, ndiye ndati ndilembe kuti makolo ena amene akufunsa atidziwe bwino asanatipatse ana awo.

Tinayamba awiri, ine ndi akazi anga, ndi bolodi limodzi. Ana a m'komboni mwathu ankasewera drafuti ndi zivindikiro za mabotolo, ndipo ndikawayang'ana ndinkaona mitu yakuthwa imene ikungosowa woitsogolera. Ndinkawauza za Amon Simutowe, mwana wa Zambia yomwe ino, amene mu 2009 bungwe loyang'anira chess padziko lonse la FIDE linamupatsa udindo wa grandmaster, udindo wapamwamba wa akatswiri a chess, woyamba kuufika m'maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Ana akamva kuti munthuyo anakulira ku Ndola, osati ku Moscow, nkhope zawo zimasintha.

Makolo ambiri amaopa kuti masewerawa ndi ovuta. Malamulo ake mwana amawagwira tsiku loyamba. Bolodi lili ndi mabokosi 64, ndipo aliyense amayamba ndi zidutswa 16: mfumu, mfumukazi, ma rook awiri, mabishopu awiri, akavalo awiri ndi ma pawn asanu ndi atatu. Wa zoyera ndiye amayamba. Rook amayenda molunjika, bishopu amatsata ngodya za mabokosi ndipo sachoka pa mtundu wa bokosi limene anayambira, mfumukazi imatha zonse ziwiri, mfumu imasuntha bokosi limodzi lokha. Kavalo amayenda mabokosi awiri molunjika kenako limodzi chakumbali, ndipo ndi yekhayo wolumpha anzake. Pawn sabwerera m'mbuyo, koma akafika kumapeto kwa bolodi amatha kusanduka mfumukazi, ndipo lamulo limeneli ana aakazi amalikonda kwambiri. Cholinga si kudya zidutswa zambiri ngati pa drafuti. Ndi kutsekera mfumu ya mnzako mpaka isowe kothawira, checkmate.

Chimene chinatisiyanitsa ndi ena ndi kompyuta, ndipo pano ndikufuna ndifotokoze bwino chifukwa anthu amaganiza kuti ana amangobwera kudzadina mabatani. Kompyuta ikamasewera imayesa kusuntha kulikonse kololedwa, kenako yankho lililonse la mdani, kenako yankho la yankholo, ngati mtengo umene nthambi iliyonse ikuphukira nthambi zina. Poyamba penipeni wa zoyera ali ndi njira 20, wa zakuda 20, ndiye onse akangosuntha kamodzi bolodi likhoza kuoneka m'njira 400. Kupitirira apo chiwerengero chimakula moti palibe makina angathe kuona zonse. Choncho kompyuta imasiya msanga njira zimene yaona kale kuti nzoipa, ndipo pamene yaima imapereka malikisi: pawn pafupifupi 1, kavalo ndi bishopu 3, rook 5, mfumukazi 9, kuwonjezapo chitetezo cha mfumu ndi ufulu wa zidutswa. Deep Blue, kompyuta ya kampani ya IBM imene inagonjetsa Garry Kasparov, katswiri wa dziko lonse panthawiyo, ku New York mu 1997, inkayesa maonekedwe a bolodi okwana 200 miliyoni pa sekondi. Mu 2017 pulogalamu ya kompyuta yotchedwa AlphaZero inangopatsidwa malamulo, nkudziphunzitsa posewera yokha ndi yokha. Lero Stockfish, pulogalamu ya chess imene timagwiritsa ntchito ife, ndi yaulere, ndipo ngakhale pa foni imaposa katswiri aliyense padziko.

Ndiye kwathu mwana sapikisana ndi Stockfish, angangokhumudwa. Amasewera ndi mnzake pabolodi, akulemba kusuntha kulikonse papepala. Akamaliza ndimamufunsa kuti iye akuganiza kuti zinatembenukira pati, ndipo akayankha ndi pamene timatsegula kompyuta kuti tione ngati ikugwirizana naye. Kompyuta imakuuza kusuntha kwabwino koma sikuuza chifukwa chake. Chifukwacho ndi ntchito ya mphunzitsi, ndipo ndi chimene makolo amalipirira.

Chaka cha 2024 chinatsala pang'ono kutitseka. Chilala chinachepetsa madzi ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, magetsi nkumabwera maola ochepa, nthawi zambiri pakati pa usiku. Tinali titangogula malaputopu akale kwa bambo wina wa m'tauni amene analumbira kuti mabatire ake ndi atsopano. Magetsi akangozima, onse ankazima nawo limodzi. Titabwerera kwa iye anatiuza kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndipo mpaka lero akationa amawoloka msewu. Ndalama yogulira inali ya kaloba, ndipo mwini wake sankafuna kumva za Kariba. Ankafika pakhomo ana ali pabolodi, nkumalankhula mokweza kuti makolo amve. Ena anachotsadi ana awo, poti anali kulipirira makompyuta amene sakuyaka.

Sitinatseke. Masana ana ankasewera pamabolodi ndi kulemba masewera awo, ine usiku magetsi akabwera ndinkadzuka kuwalowetsa mu kompyuta limodzilimodzi, nkulemba ndi cholembera chofiira pamene aliyense anaphonya. M'mawa mwana ankalandira pepala lake. Ngongole ija tinaimaliza yonse ndi chiwongoladzanja chake, ndipo zotsala tinasunga mpaka zinakwana sola.

Ndikuthokoza akazi anga, amene anagulitsa zitumbuwa ndi mafritasi kuti lendi isadumphe mwezi. Zikomo alamu anga, amene munawotcherera miyendo ya matebulo onsewa osalandira ngakhale ngwee. Zikomo abusa ndi akuluampingo amene munatibwereka holo nthawi ya mvula, aphunzitsi amene mumatitumizira ana ochokera m'makalasi mwanu, ndi agogo aja amene amabwera ndi adzukulu awo pa minibasi kuchokera ku Chawama Loweruka lililonse, nkukhala panja kudikira mpaka titamaliza. Kwa makolo amene munapitiriza kulipira makompyuta ali chizimire, ndilibe mawu okwanira. Anyamata athu akuluakulu amene tsopano akuphunzitsa ang'onoang'ono, chipinda chino ndi chanunso.

Tikulembetsa ana kuyambira zaka zisanu ndi chimodzi, anyamata ndi atsikana, pakati pa sabata akaweruka kusukulu ndi Loweruka m'mawa. Akuluakulu ali ndi nthawi yawo madzulo. Phunziro loyamba ndi laulere, ndipo banja lobweretsa ana awiri timalichotserako. Timapitanso kumasukulu ndi mabolodi athu, ndipo tili ndi mabolodi opinda ogulitsa amene amalowa m'chikwama cha mabuku. Tilembereni pa Facebook kapena pa WhatsApp, kapena mungofika Loweruka ndi mwana wanu, mukhale pansi muone mmene timaphunzitsira.