Mmene ndinamangira shedi yazitsulo ku Mangochi

Nditafuna kumanga shedi yosungiramo chimanga ndi usipa wouma pamalo anga a m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, ndinasankha zitsulo m'malo mwa matabwa chifukwa cha chiswe, chimene chimadya mitengo ya denga m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Ndinayamba ndi kujambulitsa pulani n'kukaipereka ku khonsolo, ndipo sindinagule kanthu chilolezo chisanatuluke. Wojambulayo anandilangiza kuti shediyo ikhale mamita 12 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi, popeza zitsulo zambiri zimagulitsidwa zotalika mamita 6, choncho zidutswa zotayika zimachepa.

Pogula m'pamene panafunika maso. Mapaipi awiri a sikweya atha kufanana kukula kwake, koma chitsulo cha ina n'chochindikala mamilimita 1.6 pomwe cha inzake ndi mamilimita 3, ndipo zikapakidwa penti palibe angasiyanitse. Ndinapita ku Limbe ndi amisiri anga owotcherera, iwo atatenga kachipangizo koyezera makulidwe, ndipo anayeza chitsulo chilichonse chisanakwezedwe mulole. Pa nsanamira tinatenga za mamilimita 3, zopepukirapo tinasiyira mitanda yokhomapo malata. Wogulitsa atandinyengerera kuti zopyapyala nazonso zimagwira, amisiriwo anangoti, "Bwana, mwera sufunsa mtengo umene munagulira." Malata ndinagula a geji 28, pakuti nambala ya geji ikamachepa lata limakhala lochindikala, a geji 32 ndi otchipa, koma amapindika munthu akangopondapo.

Dothi la kufupi ndi nyanja ndi lamchenga, ndipo siligwira nsanamira palokha. Anthu ambiri amaopa kuti denga ligwa chifukwa cholemera, pamene vuto lenileni la shedi yazitsulo ndi kupepuka kwake: mphepo ikalowa pansi pa malata imakankhira denga lonse m'mwamba, ndipo choligwira ndi kulemera kwa konkire ya m'nthaka basi. Tinakumba maenje akuya mita imodzi, tinathiramo konkire ya muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala, n'kumizamo mabawuti anayi opinda kunsi pa dzenje lililonse. Mabawutiwo tinawagwiritsa ndi kathabwa kobowola molingana ndi chitsulo chaphanthiphanthi chimene chimawotchereredwa kunsi kwa nsanamira, chifukwa akapendekera konkire itauma sawongokanso. Tinathirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, kuopera kuti dzuwa la kuno lingaumitse konkireyo isanakhwime. Pansi ndinakwezapo ndithu, pokumbukira mmene nyanja inadzazira mu 2024 mpaka kulowa m'malo ogona alendo a m'mbali mwa gombe.

Matirasi, mafelemu onyamula denga, anawawotcherera pansi, pabwalo losalazidwa, loyamba likukhala muyezo wa ena onse kuti denga lisadzakhale lokwera kwina kotsika kwina. Ndinabwereka jenereta kuti ntchito isadalire magetsi. Mfundo iliyonse yowotcherera ikazizira, amisiri ankagogoda makoko akuda apamwamba ndi kanyundo kuti tione zapansi pake. Yabwino imaoneka yosalala ndi yolumikizana, pamene yongodonthezera imakhala ndi timabowo ndipo ankaipala n'kuibwereza. Kumapeto kwa paipi iliyonse anatsekako, popeza chinyezi chikalowa dzimbiri limayambira m'kati mmene burashi sifika. Kenaka tinapaka red oxide, penti yoteteza ku dzimbiri, kawiri tisanapake penti yapamwamba.

Kuimika tinkachita m'mamawa mphepo isanadzuke, chifukwa inali nyengo ya mwera, imene imafika pachimake mu Juni ndi Julayi. Nsanamira zitamangidwa pa mabawuti ndi kuyezedwa ndi levulo, tinapingasa zitsulo ziwiri m'mbali ndi padenga. Ena amazichotsa poti n'kuwononga ndalama, koma popanda izo shedi imagwedezeka yonse pamodzi ngakhale zitsulo zake zikhale zochindikala motani. Malata tinamanga ndi masikuluu okhala ndi labala, ndipo m'mphepete ndi m'makona, mmene mphepo imayambira kukanganula, tinawaika mothinana kuposa pakati.

Denga ndinalikweza mamita 4, ndipo pakati pa khoma ndi malata ndinasiya mpata wotchinga ndi waya wa sefa, kuti kutentha kwa mu Okutobala kuzituluka koma mbalame ndi makoswe zisalowe. Mvula isanayambe chaka chilichonse ndimapala ndi kupakanso kunsi kwa nsanamira, pamene madzi amakhalitsa, ndi kumangitsa mabawuti amene akhwepa.